Kodi n'koyenera kulipira miyezi iwiri ya mafunso okhaokha kampani isanayambe kutipangira sisitimu?

Nachisale:

Ndikupempha malangizo kwa inu amene mumadziwa za makompyuta, komanso kwa amalonda anzanga amene mudadutsamo kale m'nkhani yotereyi. Banja lathu lili ndi bizinesi yopikulitsa katundu wa m'magolosale monga shuga, sopo, mchere ndi mafuta ophikira, ndipo tili ndi masitolo atatu, awiri mu Limbe ndi imodzi ku Balaka, kuphatikizapo nyumba yosungiramo katundu. Mpaka lero zonse timalemba m'mabuku ndi pa Excel, koma bizinesi yakula moti kumapeto kwa mwezi katundu amene ali m'mabuku sagwirizana ndi amene ali m'sitolo, ndipo ngongole za makasitomala amene amatenga katundu n'kudzalipira akagulitsa zikutivuta kuzilondoloza.

Tinaitana makampani awiri kuti atipatse makotesheni. Kampani yoyamba yagawa ntchito m'zigawo zisanu ndi ziwiri, kuyambira kufufuza ngati ntchitoyo ndi yotheka, kusanthula zimene tikufuna, kukonza mapulani a sisitimu, kulemba pulogalamu, kuiyesa, kuiyambitsa m'masitolo, mpaka kuisamalira chaka ndi chaka. Akuti miyezi iwiri yoyambirira adzangokhala akufunsa mafunso ogwira ntchito athu ndi kulemba chikalata, ndipo akufuna kuti pa ntchito yokhayi tilipire gawo limodzi mwa magawo asanu a mtengo wonse, ife tisanaone kanthu kalikonse pa kompyuta. Kampani yachiwiri ikuti zimenezo n'zachikale, chifukwa iwo ali ndi pulogalamu yopangidwa kale imene angatiikire m'masabata atatu n'kumaikonza pang'onopang'ono ife tikuigwiritsa ntchito, ndipo mtengo wawo ndi wotsikirapo.

Amuna anga akufuna kampani yachiwiri, makamaka chifukwa tikulakalaka kuti malonda a December atipeze tili pa kompyuta. Ine mtima wanga sunakhazikike. Kodi zigawo zonsezi n'zofunikadi pa bizinesi ya msinkhu wathu, kapena ndi njira chabe yochulutsira ndalama pa kotesheni? Nanga ngati n'zofunika, ndi gawo liti limene ife eni bizinesi tiyenera kuliyang'anitsitsa kwambiri?

Mbewe:

Mayi Nachisale, ndinagwira ntchito yosanthula ndi kukonza masisitimu a makampani kwa zaka zambiri ndisanapume, ndipo yankho langa ndi lakuti mafunso amene kampani yoyamba ikufuna kufunsa sangathawike. Mungasankhe kuti afunsidwe poyamba, anthu atakhala pansi ndi pepala, kapena afunsidwe pambuyo pake makasitomala ataima pamzere pa kauntala, koma adzafunsidwa ndithu, ndipo oyankha ake ndinu, osati akatswiri a makompyuta.

Nditenge zitsanzo za m'sitolo mwanu momwemo. Shuga mumaoda m'mabelo a mapaketi 20, koma munthu akabwera kudzagula theka la belo, kompyuta iziwerenga wotsalayo m'mabelo kapena m'mapaketi? Belo likang'ambikira m'galimoto mapaketi awiri n'kutayika, ndani ali ndi mphamvu zochotsa mapaketiwo m'kaundula, ndipo ndani azivomereza kuti atayikadi? Galimoto ikanyamuka ku Limbe ndi makatoni a sopo kupita ku Balaka, pa maola amene ili pamsewu sopoyo ndi wa sitolo iti, ndipo akafika makatoni operewera mlandu ndi wa yani? Kasitomala wakale amene bambo a kunyumba kwanu amamuchotserako mtengo pongoonana nkhope, kashiya azimuchotsera zingati iwo palibe, nanga ngongole yake ifike pati kuti asapatsidwenso katundu? Malamulo onsewa alipo kale pa bizinesi yanu, kungoti ali m'mitu ya anthu, ndipo mukafunsa wosunga katundu ndi kashiya funso limodzimodzi kawirikawiri mumalandira mayankho awiri. Buku limalola zimenezi chifukwa munthu amalemba m'mphepete ndi pensulo, pamene kompyuta imafuna yankho limodzi. Ndikuganiza kuti kusagwirizana kwa katundu kumene mukudandaulako mbali yaikulu kukuchokera pamenepa, ndipo ngati zili choncho, pulogalamu iliyonse imene mungagule idzangokuonetsani kusiyana komweko mofulumira.

Ndondomeko ya zigawo imene mwapatsidwayo ndi yakale ndithu. Inakhazikika m'zaka za m'ma 1960 ndi 1970, pamene makampani akuluakulu ankapanga masisitimu a malipiro ndi a maakaunti pa makompyuta odzaza chipinda chonse, ndipo kusintha kanthu kakang'ono kunali kodula kwambiri. Anthu ambiri amati anaiyambitsa ndi Winston Royce, katswiri wa ku America amene mu 1970 anajambula zigawozi zikutsatana kuchokera pamwamba kutsikira pansi. Chimene amaiwala n'chakuti m'nkhani yomweyo Royce anachenjeza kuti kuyenda njira imeneyi kamodzi kokha osabwerera m'mbuyo n'koopsa, popeza kuyesa kumabwera kumapeto, pamene zolakwika za pachiyambi zakwiririka kale pansi pa ntchito yonse. Iye analangiza kuti pakhale kupanga kachitsanzo koyamba kophunzirirapo, ndiponso kuti mwini ntchito azikhalapo pa magawo angapo ntchito isanathe. Choncho ndondomekoyi si mlatho woti mukangowoloka simubwerera. Ndi mndandanda wa ntchito zimene sisitimu iliyonse imafuna, kaya yolembedwa kuchokera pachiyambi kaya yogula yopangidwa kale.

Za kugula yopangidwa kale, ganizirani zimene zinachitikira Lidl, kampani ya masitolo akuluakulu ya ku Germany. Mu 2011 inayamba kusamutsa kawerengedwe ka katundu wake kupita pa pulogalamu ya SAP, imene makampani ambiri pa dziko lapansi amagwiritsa ntchito popanda vuto. Nyuzipepala za kumeneko zinalemba kuti chimodzi mwa zimene zinasokoneza ntchitoyi n'chakuti Lidl inkawerenga katundu wake pa mtengo wogulira, pamene pulogalamuyo inapangidwa kuti iziwerenga pa mtengo wogulitsira. Lidl sinafune kusintha kachitidwe kake, choncho anayamba kusintha pulogalamu, ndipo kusintha kumodzi kunkabala kwina. Mu 2018 anaisiya ntchitoyo atawononga ndalama pafupifupi mayuro 500 miliyoni, n'kubwerera ku sisitimu yawo yakale. Funso limene linawagwetsa ndi la mtundu womwewo ndi la theka la belo lija.

Malangizo anga ndi akuti ntchito yosanthulayi mulipire, koma mukambirane zinthu ziwiri. Choyamba, miyezi iwiri yandichulukira pa masitolo atatu ogulitsa katundu wofanana. Munthu wodziwa ntchito atakhala masiku angapo pa kauntala, masiku angapo kosungira katundu, n'kukwera galimoto ya ku Balaka ulendo umodzi, akhoza kumaliza m'mwezi umodzi. Chachiwiri, mgwirizano unene momveka kuti chikalatacho ndi chanu, ndipo muli ndi ufulu wochitengera ku kampani ina iliyonse, kuphatikizapo yachiwiriyo. Chilembedwe m'chinenero chimene wosunga katundu wanu angamve, ndipo musachisaine iye asanachiwerenge.

Nyirenda wa ku Mzuzu:

Bambo Mbewe anena zoona pa zambiri, koma ine monga wolemba mapulogalamu ndisiyana nawo pa kulemera kumene akuika pa chikalata. Anthu sadziwa bwinobwino chimene akufuna mpaka atachiona. Mukamufunsa kashiya kuti ntchito yake amaigwira bwanji, adzakuuzani mmene iyenera kugwiridwira, osati mmene amaigwirira Loweruka m'mawa anthu atadzaza m'sitolo. Ndaonapo eni mabizinesi akusaina chikalata cha masamba ochuluka chimene sanachimvetse, ndipo patatha miyezi isanu ndi umodzi, ataona pulogalamu n'kunena kuti si zimene ankatanthauza, kampani inatulutsa chikalata chomwecho n'kuwaonetsa siginecha yawo, ndipo kusintha kulikonse kunakhala kolipiritsa. Pamenepo chikalata chimateteza wopanga sisitimu, osati mwini bizinesi.

N'chifukwa chake mu February 2001 akatswiri 17 anakumana ku Snowbird, m'dera la Utah ku America, n'kugwirizana mfundo zimene lero zimatchedwa Agile. Mtima wa mfundozo ndi wakuti pulogalamu yogwira ntchito, ngakhale ikhale yaing'ono, imaphunzitsa zambiri kuposa mapepala, ndiponso kuti mwini ntchito azionetsedwa zimene zapangidwa masabata angapo alionse kuti akonze njira msanga. Zigawo zimene a Mbewe afotokoza sizichoka, koma m'malo moziyenda kamodzi pa sisitimu yonse, mumaziyenda kambirimbiri pa tizidutswa. Mungayambe ndi kugulitsa ndi kutulutsa lisiti, zikakhazikika mulowe ku ngongole, kenako ku kusamutsa katundu pakati pa masitolo.

Komabe musaganize kuti ndikuvomereza kampani yachiwiri. Kunena kuti "tizikonza mukugwiritsa ntchito" kungathe kutanthauza ndondomeko yabwino imene ndafotokozayi, koma kungathenso kutanthauza kuti alibe ndondomeko iliyonse, ndipo oyesera pulogalamu yawo ndi makasitomala anu. Njira yodziwira ndi yosavuta. Musalole kuti akuonetseni pulogalamu ndi katundu wawo wachitsanzo amene anamukonzeratu. Apatseni mndandanda wa katundu wanu weniweni, mitundu makumi awiri yokha, muwaitane ku sitolo, ndipo kashiya wanu ndiye akhale pa kompyuta. Agulitse theka la belo, abweze katoni yophwanyika, apereke katundu pa ngongole kwa munthu amene ali kale ndi ngongole, alandire malipiro ena pa Airtel Money kapena Mpamba ena pamanja pa lisiti limodzi. Kenako zimitsani intaneti muone ngati sitolo ya ku Balaka ingapitirize kugulitsa, ndipo netiweki ikabwerera muone ngati manambala alumikizana okha. Mapulogalamu ambiri opangidwa kunja amaganiza kuti magetsi ndi intaneti zilipo nthawi zonse. Tonse tikukumbukira mmene zinalili mu 2022, namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira, ndipo sisitimu imene imaima netiweki ikaduka si ya kuno.

Pali funso lina limene gawo loyamba lenileni, lofufuza ngati ntchito ndi yotheka, liyenera kuyankha, ndipo ndi lakuti kodi mukufunikiradi pulogalamu yolembedwera inu nokha. Ine ndimadya za kulemba mapulogalamu, koma pa bizinesi yopikulitsa shuga ndi sopo ndinganene kuti mugule yopangidwa kale, chifukwa ntchito yanu si yachilendo pa dziko lapansi ndipo anthu ena analipira kale mtengo wa zolakwika zake. Kampani imene imapeza ndalama polemba pulogalamu yatsopano n'kovuta kuti ikuuzeni zimenezi yokha, choncho muwafunse mwachindunji kuti mapulogalamu opangidwa kale amene anawaunika ndi ati, ndipo anawakana chifukwa chiyani. Phunziro limene ine ndimatenga pa nkhani ya Lidl ndi lakuti ukagula pulogalamu yopangidwa kale uvomere kusintha kachitidwe kako kena kuti kagwirizane nayo, n'kusunga kusintha pulogalamu pa zinthu zochepa zimene zimakubweretserani makasitomala.

Nabanda:

Amayi anzanga a Nachisale, ine ndine wowerengera ndalama, ndipo nthawi zambiri ndimaitanidwa sisitimu itayamba kale kugwira ntchito, manambala atakana kugwirizana. Abambo awiriwa akambirana za chiyambi cha ntchito, koma chimene chandiopsa m'funso lanu ndi December.

Kampani ya Hershey, yopanga maswiti ndi chokoleti ku America, idaika ndalama zoposa madola 100 miliyoni pa masisitimu atatu atsopano, ndipo idafupikitsa ntchito imene idalangizidwa kuti itenge zaka zinayi kuti ithe m'miyezi 30. Idawayatsa onse pamodzi mu July 1999, nthawi imene maoda a chikondwerero cha Halloween, pamene Amereka amagula maswiti ochuluka, amayamba kulowa. Katundu adalipo m'nyumba zosungiramo, koma maoda a pafupifupi madola 100 miliyoni sadafike kwa ogula, ndipo phindu la miyezi itatu imeneyo lidatsika ndi 19 peresenti. Nthawi ikachepa, zigawo zimene zimadulidwa ndi kuyesa ndi kuphunzitsa anthu, chifukwa ndizo zili kumapeto ndipo tsiku loyambira lalengezedwa kale. Inu mukudziwa kuposa ine kuti malonda a m'magolosale amafooka mu February ndi March, anthu asanayambe kugulitsa fodya ndi mbewu zina. Imeneyo ndiyo nthawi yoyambira, ndipo December ameneyu mumudutse ndi mabuku anu.

Ntchito imene makotesheni ambiri amaitchula m'mzere umodzi, pamene ndiyo imadya nthawi ya eni bizinesi, ndi yosamutsa zimene zili m'mabuku kupita mu sisitimu. Mukatsegula Excel yanu mudzapeza kuti sopo mmodzi yemweyo adalembedwa m'njira zitatu, ndipo kasitomala mmodzi ali m'buku la ku Limbe ndi dzina la golosale yake koma m'buku lina ndi dzina la mwana wake, ngongole yake n'kugawika pawiri. Wa kampani ya makompyuta sangadziwe kuti ameneyu ndi munthu mmodzi. Muyenera kukhala pansi inuyo ndi amene amalemba mabukuwo, kuyeretsa mayina, kupatsa katundu aliyense nambala yake, ndi kuyendera aliyense amene ali ndi ngongole kuti avomereze ndi kusainira ndalama imene mukuti ali nayo. Usiku woti mawa muyamba, tsekani sitolo muwerenge katundu yense ndi manja, ndipo nambala imeneyo ndiyo ilowe mu kompyuta, osati ya m'buku. Mukayamba ndi nambala yolakwika, simudzadziwanso ngati kusiyana kwa kumapeto kwa mwezi kwachokera ku pulogalamu, kwa ogwira ntchito kapena ku zakale.

Pa kasinthidwe, mungathe kusiya mabuku tsiku limodzi m'masitolo onse, njira imene ndi yotchipa zikayenda bwino koma yopanda pothawira zikavuta. Mungathenso kuyendetsa mabuku ndi kompyuta pamodzi kwa kanthawi, kapena kuyamba ndi sitolo imodzi, kapena kuyamba ndi mbali imodzi ya ntchito monga a Nyirenda anenera. Banki ya TSB ya ku Britain idasankha njira yoyambayo mu April 2018, pamene idasamutsa makasitomala ake oposa 5 miliyoni kupita pa sisitimu yatsopano kumapeto kwa sabata imodzi. Anthu ochuluka adalephera kulowa m'maakaunti awo kwa masabata, ena adaona maakaunti a anthu ena, mkulu wa bankiyo Paul Pester adatula pansi udindo mu September chaka chomwecho, ndipo mu December 2022 mabungwe oyang'anira mabanki adailipiritsa chindapusa cha mapaundi 48.65 miliyoni. Kafukufuku adapeza kuti mwa malo awiri osungirako makompyuta a sisitimuyo, mayeso ena ofunika adachitikira pa amodzi okha. Kwa inu ndinganene kuti yambani ndi sitolo yaing'ono ya mu Limbe, kumene mungathamangireko zikavuta, ndipo mabuku apitirire kulembedwa kwa mwezi wathunthu mpaka mutatseka maakaunti a mweziwo n'kuona kuti mbali ziwirizi zagwirizana. Ogwira ntchito adzadandaula kuti akulemba kawiri, ndipo adzakhala akunena zoona, choncho muwauziretu tsiku limene zimenezi zidzathe.

Pomaliza, pa zimene mudzayese musaiwale funso lakuti ndani angafufute chinthu chimene chalowa kale. Pa nkhani ya Cashgate mu 2013, ofufuza a kampani ya Baker Tilly adapeza kuti boma lidataya ndalama pafupifupi K13 biliyoni pakati pa April ndi September, ndipo njira imodzi imene inkagwiritsidwa ntchito inali yolowetsa malipiro mu sisitimu ya boma ya IFMIS, cheke n'kutuluka, kenako n'kufufuta zimene zidalowetsedwazo. Sisitimu yanu isalole kufufuta lisiti. Cholakwika chizikonzedwa polemba china chobweza, zonse ziwiri zizioneka pamodzi ndi dzina la amene wachita ndi nthawi yake, ndipo munthu aliyense, ngakhale wa m'banja, akhale ndi pasiwedi yakeyake.

Nachisale:

Zikomo kwambiri nonse. Za December ndamva, ndipo ndakambirana ndi amuna anga kuti tiitane kampani yachiwiri idzayesedwe ndi katundu wathu monga Bambo Nyirenda alangizira, tisanasankhe chilichonse. Pali chinthu chimodzi chimene palibe wachikhudza. Makampani onse awiri akufuna ndalama ya chaka ndi chaka yosamalira sisitimu, ndipo yachiwiri yalemba yake m'madola. Ngati pulogalamu yayesedwa ndipo ikugwira ntchito bwino, kodi chosamalira n'chiyani, ndipo tingakane kulipira ndalama imeneyi?

Mwale wa ku Joni:

Mayi, ine ndimagwira ntchito yothandiza makasitomala pa kampani ina ya mapulogalamu a masitolo kuno ku Johannesburg, choncho gawo limene mwafunsali ndilo ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku. Kupanga sisitimu kumatenga miyezi, koma kuigwiritsa ntchito kumatenga zaka, ndipo mukaphatikiza ndalama za zaka zonsezo si zachilendo kuti zipose mtengo wogulira. Pulogalamu siiwola, koma zinthu zoizungulira zimasintha. Bajeti ya boma ikasintha msonkho kapena MRA ikasintha kaperekedwe ka malisiti a VAT, pulogalamu iyenera kutsatira pa tsiku limene lamulo layamba. Kompyuta ya pa kauntala ikapsa ndi magetsi, yatsopano imabwera ndi Windows ina imene pulogalamu yakale mwina siigwirizana nayo. Mukatsegula sitolo yachinayi kapena kuyamba kugulitsa feteleza, pamafunika kusintha. Palinso lamulo loteteza zinsinsi za anthu, la Data Protection Act la 2024, limene likukukhudzani popeza mudzasunga mayina, manambala a foni ndi ngongole za makasitomala. Choncho ndalamayo musaikane, koma mudziwe chimene mukugula nayo: mgwirizano utchule maola amene ayenera kuyankha sitolo ikaima, ngati amayankha Loweruka, ndi kusiyana kwa kukonza cholakwika chawo, kumene kuyenera kukhala kwaulere, ndi kuwonjezera chinthu chatsopano, kumene mudzalipira.

Za madola muganizire bwino. Mu November 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo aliyense amene anali ndi mgwirizano wa m'madola anadzuka ndi bilu yokwera kwambiri, osanena za vuto lopeza madolawo ku banki. Ngati mbali ina ya ndalamayo ndi laisensi imene iwo amalipira kunja, ailekanitse ndi ya ntchito yawo imene amaigwirira konkuno, ndipo yachiwiriyi ikhale m'makwacha. Afunseninso kuti chimachitika n'chiyani mukachedwa kulipira, chifukwa mapulogalamu ena amatseka ngakhale kuona zakale.

Ndikufuna kuwonjezera pa zimene Mayi Nabanda anena za kufufuta. Sisitimu ikayamba, anthu amaikhulupirira kuposa munthu, ndipo pamenepo pali ngozi yake. Ku Britain, bungwe la Post Office linayamba kugwiritsa ntchito sisitimu yotchedwa Horizon, yopangidwa ndi kampani ya Fujitsu, mu 1999. Sisitimuyo inkaonetsa kuti m'mapositi ofesi ena ndalama zaperewera, ndipo pofika 2015 anthu oposa 900 oyendetsa mapositi ofesi anali atazengedwa milandu ya kuba kapena chinyengo, ena anamangidwa, ena anagulitsa nyumba zawo kuti abweze ndalama zimene sanabe. Mu 2019 khoti lalikulu linagamula kuti Horizon inali ndi zolakwika zimene zikanatha kubweretsa kuperewera koteroko, ndiponso zinadziwika kuti ogwira ntchito a Fujitsu ankatha kusintha manambala a nthambi ali kutali, eni nthambi osadziwa. Inu mukugula sisitimu chifukwa katundu sakugwirizana, ndipo mwezi woyamba ikadzaonetsa kuti makatoni khumi asowa ku Balaka, mtima udzathamangira kwa wosunga katundu. Musanachotse munthu ntchito kapena kupita naye kupolisi, werengani katundu ndi manja, tsatirani lisiti lililonse, ndipo funsani kampani ngati wina wa iwo analowa mu sisitimu masiku amenewo. Mgwirizano unene kuti kulowa kwawo kulikonse kuzichitika ndi chilolezo chanu ndipo kuzisiya chizindikiro chimene inu mungachione.

Gawo lomaliza, limene kotesheni iliyonse imalisiya, ndi tsiku limene mudzasiyane ndi kampaniyo, kaya chifukwa mwakula, kaya yatsekedwa, kaya mnyamata mmodzi amene amaidziwa pulogalamuyo wabwera kuno ku Joni. Zonse zimene mwalowetsa mu sisitimu ndi zanu, ndipo mgwirizano unene choncho. Ngati mwasankha yolembedwera inu, munenenso za source code, kutanthauza malemba enieni amene pulogalamuyo imapangidwa nawo, kuti idzakhala yanu kapena idzasungidwa kwa loya kuti muipeze kampani ikadzatha. Backup, kutanthauza kope la zonse zimene zili mu sisitimu, izichitika tsiku lililonse ndipo ina izikhala kunja kwa sitolo, chifukwa moto kapena mbava zimatenga kompyuta pamodzi ndi zonse zili pafupi nayo. Musanalipire gawo lomaliza la ndalama, auzeni achite zinthu ziwiri inu mukuona: atulutse mndandanda wonse wa katundu, makasitomala ndi ngongole kupita pa Excel, kenako atenge backup ya dzulo aibwezeretse pa kompyuta ina yopanda kanthu, kashiya wanu atsegule n'kupeza lisiti lomaliza limene anagulitsa dzulo madzulo.